Milomo Yotupa ndi Mbale ya pa Mpanda

Lolemba

Zachitikanso dzulo madzulo. Milomo kutupa, khosi kuyabwa, ziwengo m'mikono ngati ndagubuduka pa chitedze. M'mawa uno mlomo wam'munsi ukadali panja. Ndalowa mu Fomu 2, maso onse pa mlomo wanga. Kenako wina kumbuyo: "Sala apsompsona njuchi." Ndawafotokozera modekha kuti njuchi ikaluma imasiya mbola, ndipo pa ine mbola palibe. Apo ndiye aseka zenizeni.

Zakwana. Mphunzitsi wa sayansi sangamafufume ngati mtanda wa mandasi osadziwa chifukwa. Sabata ino ndi ya kafukufuku. Pofika Loweruka ndikhale nditamugwira wolakwa.

Loweruka chifukwa Che Amidu, a nyumba ya kuseri kwa mpanda, andiitana kukadya kwawo. Kwawo, pa mkeka pawo, pamodzi ndi anthu! Chibwerere kuno ku Mangochi palibe anandiitanapo. Aphunzitsi anzanga si oipa, koma belu likalira aliyense pa njinga yake, wa kubanja lake. Ine ndimabwerera ku mpando umodzi ndi chithunzi cha malemu amake Chisomo. Chisomoyo ali ku Lilongwe, amaimba akakumbuka. Ndiye tsiku limene ndaitanidwa ndikafike milomo ili ngati mabanzi? Ayi.

Oganiziridwa:
nsomba (kwathu ku Ntchisi sitinkazidya tsiku ndi tsiku chonchi)
mtedza wokazinga wa pa geti la sukulu
sopo watsopano uja wonunkhira mandimu
neti ya udzudzu
fumbi la choko (koma ndakalamba nalo, kundiukira pano kungakhale kusayamika)

Lamulo ndi lija ndimalemba pa bolodi chaka chilichonse: sintha chinthu chimodzi, zina zonse zikhale momwe zilili.

Zosasintha: madzi a pa mpopi, tiyi wam'mawa, ndi mbale ya Abiti Saidi.

Abiti Saidi ndi akazi awo a Che Amidu. Ndikaweruka, ndisanavule n'komwe nsapato, amaitana pa mpanda: "Aphunzitsi, kandiwo!" Mbale yovundikira ndi inzake. Masamba otendera, nthawi zina therere, koma kakomedwe kake kwathu kulibe. Timaima pamenepo pang'ono, iwo mbali yawo, ine mbali yanga, kudandaula za kutentha ndi magetsi. Pa tsiku lonse ndi munthu yekhayo amene amandifunsa ngati ndaswera bwino n'kudikiradi yankho. Mbaleyo ndimaibweza ndi tomato kapena papaya, poti mbale ya mnzako sibwerera ili gwa.

Lero ndasiya nsomba. Mpunga ndi masamba a Abiti basi.

Madzulo. Kuyabwa kwabwera pa nthawi yake. Nsomba ilibe mlandu. Pepani a utaka, ndinakuganizirani zoipa.

Lachiwiri

Lero ndasiya mtedza. Mayi wogulitsa pa geti wadabwa: "Lero mwatidutsa, bambo?" Ndaima kumufotokozera ndondomeko yonse. Pamene ndimafika pa mfundo yachiwiri n'kuti akugulitsa kwa wina.

Mu ofesi ya aphunzitsi aliyense wasanduka dokotala.
A Phiri a masamu: "Ndi magazi amenewo. Imwani madzi a mandimu."
Amayi a Chingerezi: "Mwina pali amene mwamulakwira."
A hedi: "Bola musatiphere ana ndi mantha."
Ndawauza kuti thupi lili ndi asilikali, ndipo nthawi zina asilikaliwo amaombera mlendo wosalakwa. Belu lalira ndili pakati pa nkhondo. Ndamalizira kufotokozera makapu a tiyi.

Mbale ya lero: chisoso chotendera. Ndikudziwa, nsinjiro ndi mtedza womwewo. Ndaganizira pang'ono. Koma mbaleyi ili m'gulu la zosasintha, ndipo zosasintha sazigwedeza. Komanso ndikanati chiyani pa mpanda paja? "Lero ayi"? Chakudya cha mnansi sachikana. Mwana wa kumudzi aliyense amazidziwa asanadziwe kuwerenga.

Abiti aona mlomo wanga. "Mangochi sanakulandireni, aphunzitsi. Muzidya kwambiri kuti thupi lizolowere." Munthu wachifundo bwanji!

Ndadya zonse, mpaka kupukuta.

Ziwengo zafika pa msana, pamene dzanja silifika. Ndadzikanda pa ngodya ya chitseko ngati ng'ombe pa mtengo. Apa ndi pamene munthu umaona ubwino wa kukhala awiri.

Masiku akuchepa, oganiziridwa akadali ambiri. Ndatsitsanso neti lero lomwe. Zinthu ziwiri tsiku limodzi: a Fomu 2 akanachita zimenezi ndikanawalembera ndi cholembera chofiira.

Lachitatu

Udzudzu wa ku Mangochi unamva kuti kuno kuli phwando. Tsopano sindikudziwa kuti chotupa ichi ndi chiwengo, icho ndi udzudzu. Neti yabwerera pamalo pake, ndaipepesa.

Lero ndasiya sopo. Ndasamba madzi okhaokha.

Ndaweruka, ndakhala pa khonde, ndadikira. Pa mpanda zii. Ndapita kukakonza udzu wa mpanda umene sunali wowonongeka. Mayi wina wodutsa ndi ndowa wandiuza osafunsidwa: "Apita ku maliro ku Nkhudzi, abwera mawa." Ndati sindimafuna aliyense, ndikungokonza mpanda. "Eya," watero.

Ndakazinga mazira awiri. Ndadyera choimirira, poti kukhala pansi ndi mazira awiri kukuoneka ngati kudzinamiza.

Ndiye tamverani izi! Palibe kuyabwa. Milomo ili m'malo mwake. Ndadziyang'ana pa galasi kangapo, ndaimba mluzu, mluzu watuluka!

Ndi sopo!

Zikumveka ndithu. Mafuta onunkhiritsa, khungu la munthu wamkulu, kutentha kwa kuno. Ndamuponya m'chimbudzi ndi mawu ochepa otsanzikana.

Ndaimbira Chisomo kuti ndimuuze. Sanayankhe. Kenako uthenga: "Ndili pa msonkhano adadi, zili bwino?" Ndalemba ndime zitatu. Ndafufuta. Ndatumiza: "Zili bwino mwanawe."

Kupambana kwa sayansi, wouza palibe. Nyumba ya Che Amidu ili chete, wailesi yawo siikumveka. Sindinkadziwa kuti ndimamvera nawo.

Lachinayi

Tsiku lachiwiri lopanda sopo, dzuwa la kuno. A Phiri asuntha mpando wawo mwaulemu, ati akufuna kuwala kwa pa windo.

Ndauza a Fomu 2 zotsatira za kafukufuku monga chitsanzo cha kaganizidwe koyenera. Alemba m'makope.

"Aphunzitsi, kandiwo!" Abwera! Ndatsala pang'ono kugwa pa sitepe. Ndawapepesa za maliro, andiuza zonse: anali azakhali awo a Che Amidu, anadwala nthawi yaitali, anthu anabwera ambiri. Mbale ya lero yodzaza mpaka m'milomo. "Dzulo munagona ndi njala, ndikudziwa. Ndathira zonse mokwanira." Ndawauza za sopo. Akondwera nane. Andikumbutsa za Loweruka masana, ati kudzakhala abale ochokera ku Chiponde, ndi mbuzi.

Ndadya ngati munthu wochira.

Sipanapite nthawi. Milomo, zikope, makutu kutentha. Diso lakumanzere latsekeka. Ndipo china chatsopano: pakhosi ngati pakhala chingwe chimene wina akuchikoka pang'onopang'ono. Ndamwa piritoni, ndakhala pa khonde pamene pali mphepo. Ndaganiza zoitana kuseri kwa mpanda. Koma ndikaitana ndinene kuti chiyani, ndi nkhope imeneyi, anthu atangobwera ku maliro?

Chingwe chamasuka chokha. Ndachita mantha, ndisabise.

Sopo uja anali wosalakwa. Ndipo ali pansi pa chimbudzi.

Lachisanu

Ndapempha a hedi, ndapita ku chipatala. Mzere wautali. Adokotala ndi mtsikana wa msinkhu wa Chisomo, wofulumira, wa maso akuthwa. Ndayamba kuwafotokozera ndondomeko yanga kuyambira Lolemba. Andidula pa neti.

"Bambo, inu si chule wa mu labu. Zimayamba mukatha kudya?"

Inde.

"Nkhanu mumadya? Kapena tinkhanu touma tija ta kunyanja ya mchere?"

Ndati chibadwire sindinaikepo mkamwa. Ndanena ndi mtima woyera.

Zimene andiuza, ndilembe ndisaiwale:
vutoli limatha kuyamba munthu ali wamkulu, pa chakudya chimene poyamba sichinkamuvuta
nsomba ndi nkhanu si pachibale pa nkhaniyi. Munthu angadye chambo bwinobwino koma nkhanu n'kumugwetsa
kuphika, kuumitsa kapena kusinja sikuchotsa vutolo. Ngakhale mthiko kapena mafuta amene zakhudza n'zokwanira
kutupa kwa lero sikulonjeza kuti kwa mawa kudzakhala kochepa chomwecho
zoyeza pa khungu n'za ku Blantyre
zodziyesa ndekha kunyumba zithe lero
chikafika pakhosi, piritoni si mankhwala ake; ndithamangire kuno, pali jakisoni

"Funsani amene amakuphikirani," atero. Ndati ndimadziphikira ndekha. Ndatuluka. Ndafika mpaka pa msika ndiye mawuwo andipeza.

Masana, Che Amidu ali ku mzikiti, ndazungulira mpanda koyamba chibwerere, mbale m'manja ngati chifukwa. Abiti ali pa mtondo ndi mnzawo wina, mayi wa ndowa uja. Akusinja mtedza. Pambali pali kathumba. Atapa kadzanja, tinthu tofiira ting'onoting'ono ta ndevu zazitali, waa mu mtondo.

"Kamarawo ameneyu, aphunzitsi. Achimwene amandibweretsera kuchokera ku Mozambique. Ndiwo zopanda iyeyu n'zosalawika."

Ndikanayenera kuthokoza, kupita kunyumba, kuganiza, kudikira Che Amidu. M'malo mwake ndasangalala. Ndapeza yankho! Ndaika mbale pansi ndipo ndaphunzitsa. Asilikali a m'thupi, mlendo wosalakwa, zonse. Ndajambula ndi chala pa dothi. Ndipo mkati mwa phunzirolo ndanena mawu awa, ndikuwamvabe: "Ndiye kuti chimene chikundidwalitsa ndi chimene mumathira m'ndiwo zanga."

Munsi waima.

"Ine ndimakuthirani?"

Ndati ayi, ayi, tinkhanuti n'tabwino, vuto ndi thupi langa. Ndabwereza za asilikali.

"Ana anga onse akula ndi zomwezi," atero Abiti, osandiyang'ana. "Chabwino, aphunzitsi." Avundikira mtondo ndi lichero. Mayi wa ndowa wanyamuka mofulumira ngati wakumbukira mphika pamoto.

Kunena kuti chakudya cha munthu chakudwalitsa, kulikonse m'dziko muno, n'kumunena kuti ndi mfiti. Ndinabadwa ndikudziwa. Ndinangoiwala chifukwa chokondwa.

Madzulo pa mpopi amayi asiya kulankhula nditafika. Ndili kuchoka ndamva: "Mwamuna wopanda mkazi, mbale tsiku ndi tsiku. Si kondaine ameneyo?" Kalanga ine! Tsopano si ufiti wokha. Akuti mkazi wa mwini amandithirira mankhwala achikondi.

Pa mpanda palibe waitana. Che Amidu ndi amene abwera, aima pa khomo osalowa. "Aphunzitsi, ndinakuitanani mawa. Sindinabweze mawu." Basi, apita.

Loweruka

M'mawa. Ndondomeko yatsopano, yosavuta:
kupita
kudya mpunga ndi mbuzi zokha
kuyamikira kwambiri
kusafotokoza chilichonse

Ndagula sopo. Ndasita malaya oyera. Ndamweratu piritoni, ngakhale adokotala sananene kuti amatchinga. Ndikudziwa kuti satchinga. Ndamwabe.

Madzulo. Ndikulemba ndili pa bedi la chipatala, cholembera ndabwereka kwa bambo wa pa bedi loyandikana.

Zinayamba bwino. Mkeka pansi pa mtengo wa mango, amuna ambiri, andipatsa malo pafupi ndi eni nyumba. Kusamba m'manja, mpunga wonunkhira, mbuzi yofewa. Mlamu wawo wa ku Chiponde akusimba za njinga yamoto imene inanyamula mbuzi ndi apongozi ulendo umodzi. Ndinaseka. Ndinaiwala kuti kuseka pagulu kumamveka chonchi m'chifuwa.

Kenako inabwera mbale ya masamba. Kucheza kunazima. Che Amidu anati "Bisimila," anatapa, anadya ndikuona. Anapatsira mlamu, mlamu anadya. Inazungulira mkeka wonse, aliyense akutafuna mondiyang'ana. Inafika pa ine.

Che Amidu anati, "Tadya tonse, aphunzitsi. Kapena ife ndife achitsulo?"

Pa khomo la khitchini panali Abiti, manja atawapinda mu chitenje. Kumbuyo kwawo amayi ena, wa ndowa pakati.

Ndinadziwa zonse zimene adokotala ananena. Ndikanatha kuzilemba pa bolodi. Koma ndikakana, ndiye kuti za pa mpopi zija n'zoona, ndipo mayi amene wandidyetsa miyezi yonseyi adzayenda ndi dzina limenelo mpaka ku msika. Ndinatapa pang'ono. Ndinameza. Ndinati, "Zokoma ngati masiku onse, amayi." Ndipo zinali zokomadi, ndicho chowawa chake.

Mlamu anayambiranso nkhani yake. Sindinamve mathero. Lilime linakula, mawu anasanduka a tambala wa chimfine, mpweya ukulowa ngati pa kabowo ka singano. Ndinangokwanitsa kunena kuti "chipatala".

Che Amidu ndi munthu wamkulu, koma anathamangira kumsewu opanda nsapato. Njinga yamoto: woyendetsa kutsogolo, ine pakati, iwo kumbuyo atandikumbatira kuti ndisagwe, akupemphera m'khutu langa njira yonse. Chimwalirire amake Chisomo palibe anandigwirapo chotero. Ndinkafa, koma ndinazindikira.

Jakisoni pa ntchafu, kudutsa pa buluku losita. Mtima kugunda ngati ng'oma. Kenako mpweya, mpweya weniweni!

Adokotala ndi omwe aja. "Chule uja wabweranso." Andikalipira mokwanira, ati ndigone konkuno poti nthawi zina zimabwereranso. Kenako atembenukira kwa Che Amidu n'kuwalankhula m'Chiyao, mawu ochepa chabe. Che Amidu agwedeza mutu: "Ooo! Ngati amene amadana ndi nyama ya nkhosa aja." Basi, amva. Opanda asilikali, opanda chojambula.

Lamulungu

Anditulutsa m'mawa. Kutchalitchi sindinapite.

Zotsatira za sabata: wolakwa wapezeka. Nkhanu, kamarawo ndi abale awo onse, mpaka kumanda. Ndiyenera kufunsa ndisanadye kulikonse, ngakhale tchipisi cha pa chiwaya, ngati mafuta ake sanakazingire zina. Ndiyenera kupita ku Blantyre sukulu ikatsekera. A Fomu 2 ayenera kufufuta za sopo.

Pa mpopi nkhani yasintha. Dzina la Abiti layera. Tsopano akuti aphunzitsi ali ndi thupi lachizungu, ndipo ena akuti ndinafa pang'ono n'kubwerera. Mayi wa ndowa wandigwadira popereka moni.

Masana abwera Che Amidu, ulendo uno alowa, akhala pa mpando, ine pa ndowa yovundikira. M'khwapa muli nkhuku yaikazi yamawanga, miyendo yomanga.

"Amayi akupepesa. Akuti sangakuphikireninso. Mtondo ndi womwewo, mthiko womwewo, miphika yomweyo. Mukadzafera pa mbale yathu, abale anu tidzawauza chiyani?"

Ndati akunena zoona, adokotala ananenanso chimodzimodzi. Ndinafuna kuwonjezera kuti angathe kumangoitana pa mpanda popanda mbale. Ndameza. Mkazi wa mwini saima pa mpanda ndi mwamuna wamasiye chimanjamanja, makamaka pambuyo pa zonenedwa zija. Mbale ija ndiyo inali chilolezo.

"Iyi muphike nokha, m'mphika wanu. Mukafuna kuidya mundiitane ndidzakuzingireni, kuti nanenso ndidzalawe."

Apita.

Nthawi ya kandiwo yakwana, yadutsa. Kuseriko munsi ukugunda. Ndikumva fungo la ndiwo zawo. Ndaphika mpunga ndi utaka, ndadya nditakhala pansi, sindinatupe paliponse. Thanzi langwiro.

Nkhuku ndaimasula miyendo, ndaimangira chingwe chachitali pa khonde. Ndaganiza: ndikaitana Che Amidu mawa, adzabwera, tidzadya, adzapita, ndipo zatha. Ndikapanda kuwaitana, tsikulo likadali kutsogolo. Ikhale kaye.

Ndaithirira mpunga wotsala. Ndaiuza mwachidule chimene chinachitika, kuyambira pa chiyambi. Imapendeketsa mutu, diso limodzi pa ine. Sinandidule mawu ngakhale kamodzi.